Lachinayi Lomaliza la Mwezi

Lachinayi lomaliza la mwezi
ndimatseka chipinda changa ku Kawale thuu isanakwane,
n'kukwera minibasi yotipanikiza anayianayi
ngati matumba a makala,
fayilo nditaikumbatira.
M'fayilomo mulibe dzina la munthu,
muli manambala okha.
Koma nambala nayo imalemera.

Pamlatho magalimoto aima.
Akabaza akuzemba m'mipata,
pansipo anyamata akutsuka nsapato za kaunjika
m'madzi ofiirira,
ine ndikuloweza zokanena:
zonse zili bwino,
mwezi uno ndapereka uphungu kwa anthu makumi atatu ndi anayi.

Mayi Chadzunda ali ndi mipando iwiri,
wotchi yoyang'ana kwa iwo,
ndi duwa la m'chitini cha penti
lomwe silifota, silikulanso.
Za makumi atatu ndi atatuwo safunsa.
Akuti, "Tiyambe ndi amene wabwera nayeyu."
Ndikucheuka. Pakhomo palibe munthu.
"Ndikunena amene wakhala naye pampandopo."

Nambala seveni.
Mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri,
fizi ya ku koleji anaidyetsa kubetcha mpira,
kenako katapila, kenako katapila wobwezera katapila.
Sabata yatha anatchula chingwe
ngati mmene munthu amatchulira mtengo wa sopo.
Ola lake limakhala ola ndi theka.
Ndinamupatsa nambala ya foni yanga.
Amaimba usiku, ndimayankha kukhonde
kuti ana asadzuke.

Mayi Chadzunda salemba kanthu.
Amadziwa kukhala chete mpaka chetecho chitayamba kuyabwa.
Panja wina akukuwa, akugulitsa nthochi.

"Akamalankhula, umaona nkhope ya ndani?"

Ndikuti sindikumvetsa funsolo.
Ndikuti nkhope ndi yake yomwe.
Ndikuti amakanda kuseri kwa khutu akamanama,
ndipo apo mawu andithera,
pakuti ankatero ndi Mavuto,
mlongo wanga,
amene tinamupeza m'mawa wa Loweruka ku Mchesi
zaka zisanu ndi zinayi zapitazo,
foni yake ili ndi dzina langa kanayi,
kanayi konse osayankhidwa.

Sakundigwira dzanja.
Angokankhira bokosi la tishu pang'ono,
monga ndimachitira ine kwa ena,
ndipo ndikuseka ndi mamina omwe
poona msampha wanga womwe utandikola.

"Ndaziona," akutero, ndilo dzina langa,
ndipo lero likumveka ngati chiganizo chathunthu,
"mnyamatayu akufuna phungu.
Mlongo ali naye kale kwawo.
Maliro akowo ndi ako, tiwapezera malo ake,
koma asawasenze iyeyu, katundu ali naye wokwanira."

Kenako ntchito.
Ndani kunyumba kwawo angadziwe, iye atavomera?
Chingwecho chili kuti, achotse ndani?
Kalata yopita kwa adokotala ku Bwaila, mawa, osati Lolemba.
Nambala yoimba usiku ikhale ina, yosagona,
osati ya mayi wa ana awiri woima pakhonde.
Ola likhale ola.
Ndikulemba zonse, dzanja likunjenjemera pang'ono
pa mawu akuti ola.

Ndikufunsa ngati ndalakwitsa kwambiri.
Akuti ngakhale wometa waluso wa mu Eriya 23
kunkhongo kwake amameta ndi mnzake.
Akuti iwonso Lachiwiri amakwera basi
kukakhala pampando ngati wangawu,
fayilo ataikumbatira.
Sindinawaganizirepo ali mbali inoyi.

Wotchi yomwe sindikuiona yakwana.
Aimirira. Sawonjezera ngakhale mphindi,
ndipo sindikumva kutayidwa.

Kudepoti fumbi la Okutobala likulowa m'mano.
Ndagula chinangwa chootcha, ndikudya ndekha,
chonse, osagawira aliyense.
Fayilo ndaiika m'chikwama, pansi, pakati pa mapazi.
Foni ikulira.
Ndikuyang'ana dzina:
ndi mwana wanga wamkulu,
akufunsa ngati ndikumbuke kugula makandulo,
magetsi azimanso.