Nyambo pa Khonde la Amayi

Loweruka kandege aka ndi ka anthu ena.
Kamazungulira pamwamba pa maukwati a ku Eriya 47,
kujambula diresi loyera, magalimoto a maliboni,
ndalama za perekaniperekani zikuuluka m'holo,
ine ndili panja, zala pa rimoti,
kudikira zanga zotsala
zimene mwini ukwati adzati, "Tikutumizirani pa foni."

Lolemba n'kanga.
Ndakamangirira m'katoni kutsogolo kwa njinga yamoto,
bambo kumbuyo, dzanja lamanzere litandigwira lamba.
Lamanja, lija linafa chaka chatha,
lagona m'thumba la jekete ngati kalata yosatumizidwa.
Tadutsa Likuni. Fumbi la ku Malingunde m'mano.

Zaka makumi anayi dzanja limenelo likuponya mbedza.
Lero ngakhale supuni imalilemera.

Pamimba pa kandege ndamangapo chopanira zovala
ndi mphira wa chubu.
Nyongolotsi atunga okha, mbedza ataipana ndi mawondo.
"Izi zokha usandithandize."

Asodzi a m'bango aimirira.
Kachingwe, mnzawo wakale wowedza naye, wakuwa:
"Gwedeza, wayamba kutamba masana?"
Bambo aseka ndi theka la pakamwa,
theka limene lidakali lawo.

Kanyamuka, kakulira ngati njuchi zoputidwa.
Akakowa abalalika.
Twayini akumasuka pachitini, akumasukabe,
wapitirira pamene mkono wa munthu umalekezera.

Ndawaikira foni pamaso.
Madzi a Okutobala, ophwera, obiriwira ngati botolo.
Udzu wovunda. Thumba la pulasitiki. Mthunzi wa kandege komweko.
"Taima."
Ndaima.
"Bwerera pang'ono. Kumanzere. Apo!"

Pansi pa madzi pali mzere wa njerwa, ngodya zinayi,
pambali pake chitsa chakuda.
Chala chawo chikunjenjemera pagalasi.
"Mango a boloma awa. Ndinagwamo ndili sitandade thuu.
Apa panali nkhokwe.
Ili ndi khonde la amayi."

Ine ndinabadwira ku Kawale, m'nyumba ya lendi.
Mudzi umene unamira ndinkangoumva
ngati dzina la wachibale amene anamwalira ndisanabadwe.
Lero ndaugwira m'manja,
wonse wakwana pafoni yong'aluka pakona.

Batire yayamba kudandaula.
"Bambo, tiponye pati?"
Sakundimva. Akuwerenga njerwa.
"Bambo, kagwera m'madzi aka, ngongole yake sindinamalize."
"Pakhondepo," atero.
"Nasiwa sankabweza mlendo ndi njala."

Ndakoka twayini, chopanira chayasama,
nyambo yagwa: thibu!
Nyumba yagwedera, yasweka m'timafunde,
kenako pang'onopang'ono
yadzimanganso yokha.

Kandege katera pamchenga, kakutentha ngati mwana wa malungo.
Twayini ndamukulunga pachala chawo chamanzere.
Takhala.
Foni ikulira, ndi mkwatibwi wa sabata yatha, akufuna vidiyo yake.
Ilire.
Kachingwe wasiya mbedza zake, wadzanjuta pambali pathu,
wafunsa ngati chitsime cha kwa amalume ake chingaoneke.

Dzuwa litafika paliwombo chala chagwedezeka.
Sananene kanthu. Angoweramira kumbuyo,
ine ndikukulunga, iwo akukoka,
manja atatu pachingwe chimodzi,
mpaka mlamba waphiriphitha m'matope.
Si waukulu ayi. Ndiwo za anthu awiri, mwina atatu aulemu.
Auyang'ana ndevu nthawi yaitali.
"Uyu amagona kuchipinda kwanga."

Pomanga katundu andifunsa,
"Unajambula eti? Azakhali ako aone."
Ndatsegula foni.
Ine wojambula maukwati a anthu osawadziwa,
amene sindiphonya ngakhale podula keke,
kadontho kofiira kaja sindinakadine.

Andiyang'ana. Aseka ndi theka lomwe lija.
"Ndiye Lolemba likubwerali.
Tilawirire, mvula isanatseke pakhomo."