Manja M'matumba

Lachiwiri lililonse, ikamakwana naini koloko,
magalimoto amatula ana kumapeto kwa msewu wadothi
kuseri kwa Plainfield, kuno ku Vermont,
ana asanu ndi awiri amene sukulu yawo ndi tebulo la kukhitchini.
Makolo amandisiyira magolovesi apadera ndi nambala ya foni.
Ndimalandira, n'kuloza kunkhalango.

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinapuma fumbi la choko.
Thupi langa linkamva belu lisanalire.
"Khalani pansi" ndinkamunena ngakhale kutulo,
mwamuna wanga ndi mboni.
Lero ndilibe khoma lokhomapo mapu.
Ndili ndi fulasiki, mpeni, mabandeji
ndi masokosi ouma mapeya anayi.

M'mawa uno chipale chofewa chayamba kusungunuka,
kamtsinje kadzuka, kakung'ung'udza kokha.
Odette, wa zaka zisanu ndi chimodzi, walamula:
tikufuna ulalo.
Ine palibe wandifunsa.

Akoka chipika cha paini, wefuwefu, mphuno zili chuchuchu.
Ndachiona chikadali patali kuti n'chachifupi,
n'chofumbwanso mkati.
Mawu afika pakhosi, ndawameza
ngati mbatata yamoto.
Manja m'matumba, Marjorie.
Ntchito imene amakulipira ndi imeneyi.

Khuvu! Ansel mwendo umodzi m'madzi.
Zii. Maso onse pa ine.
Ndatulutsa sokosi, pakamwa ndatseka.
Iye wakhuthula jombo,
watukwana pang'ono ndi mawu obwereka kwa bambo ake,
kenako wathyola kamtengo,
wakwera pamwala wapakati n'kuyamba kuyeza tsidya ndi tsidya:
kamodzi, kawiri, mpaka kasanu n'kanayi
ndi kachidutswa.
"Kachidutswa n'kangati?" wafunsa Tobiah.
Mlandu wa kachidutswa wadya theka la ola.
Zomwezi ndinkazilemba pabolodi masabata atatu
ana akuyasamula.

Ansel yemweyu, zaka zisanu ndi zitatu,
zilembo zimamubalalikira papepala ngati nyerere zopondedwa.
Mayi ake sagona nazo tulo.
Koma pobwerera watiimitsa tonse:
"Apa panadutsa nkhandwe, inali paliwiro,
onani, yakumbuyo yaponda kutsogolo.
Apa inaima. Apa inalumpha.
Apa mbewa inathera."
Kadontho kofiira pachipale choyera mbee.
Tsamba lonse wawerenga osapunthwa.

Ndisaname, masiku ena ndi matope okhaokha.
Uyu akulira njala, uyo waluma mnzake,
mvula yalowa m'khosi,
ndipo ndimafika kunyumba ndikudzifunsa
ngati sindikungodya ndalama za eni.
Mwezi watha Linnea anakhala pachitsa tsiku lathunthu,
duu, osafuna masewero, osafuna tiyi.
Mpaka lero sindidziwa chimene ankayang'ana.

Dzuwa lapendeka. Mayi a Ansel atsitsa galasi la galimoto,
fomu yawo ili pachiwongolero, cholembera kukamwa.
"Ndilembe kuti lero waphunzira chiyani?"
Ndayang'ana mwana:
thalauza lanyowa mpaka m'mawondo, utomoni m'tsitsi,
kamtengo kaja sanakataye.
"Lembani masamu," ndatero.
"Mulembenso kuwerenga."
Andiponyera diso lokayika.
Alemba choyamba chokhacho.

Ulalo sunathe.
Chipika chabwino chili kumtunda, n'cholemera,
apangana kuti Lachiwiri Odette abwere
ndi chingwe cha bwato la bambo ake.

Atapita onse ndatsikira kumtsinje ndekha,
ndathyola kamtengo kanga, ndayeza.
Kasanu n'kawiri. Kanga n'katali,
izi adzakangana nazo tsiku lina.
Ndakwera kumtunda, ndachipeza chipika chija,
ndachigwira, ndimati ndichisendezeko pang'ono
kuti asadzavutike kwambiri,
ndani angadziwe?

Khungwa lake n'lozizira, likununkhira utomoni.
Gologolo wandiyang'ana ali panthambi.

Ndabweza manja m'matumba.