Kaliyala Wopanda Kanthu

Ndinatsika mapiri mbandakucha,
zala zitauma pa mabuleki,
nkhungu itandimata m'ndevu ngati ufa wa pachigayo.
Kona iliyonse inkandivula kanthu,
poyamba chipewa, kenako juzi,
ndipo pofika pa Thabwa
kutentha kunandigwira ndi manja awiri
ngati mlamu amene ndili naye ngongole.

Anyamata a kabaza anazinga njinga yanga,
wina n'kugogoda kaliyala ndi chala:
"Madala, katundu mwataya kuti?"
Ndinati ndilibe, ndikungoyenda.
"Kumaliro?" Ayi. "Kuchipatala?" Ayi.
Anayang'anana.
Kuno njinga imasenza makala,
mbuzi yomangidwa miyendo, mayi wodwala;
munthu sapalasa dzuwa lonseli kuti akangoona.

Ndinatsata msewu wa kum'mawa kwa Shire,
phiri kumanzere, dambo kumanja,
mabampu akundiwerenga nthiti.
Mitsinje inali mchenga wokhawokha,
atsikana atagwada pakati pake
akufukula madzi ndi mbale.
Pa Livunzu munga unaluma thayala.
Alufandika, wokonza njinga patsinde pa bwemba,
anamiza chubu m'beseni la madzi akuda
n'kudikira thovu ngati msodzi.
Atawerenga zigamba zisanu ndi ziwiri anaseka:
"Chubu chanuchi chaona zambiri kuposa ine."
Ndalama anakana. Anangoti,
"Poti kumbuyoku kulibe kanthu,
mukam'patse mlongo wanga ku Masenjere
kathumba aka ka mbewu ya mapira."

Zinayamba choncho.
Ku Masenjere anandimangirira tambala wa ku Muona.
Ku Muona ndinakweza mwana wasukulu wotupa phazi,
amene njira yonse ankanditchulira
midzi imene madzi anadya,
kuloza ndi chibwano pamene pamera bango.
"Apa panali bwalo lathu la mpira.
Apo tchalitchi. Belu silinapezeke."
Sindinayankhe. Tcheni yokha inkalira.

Pa Mtayamoyo njinga inagona m'bwato,
thayala lakutsogolo likuzungulira lokha
ngati silinamve kuti msewu watha.
Wopalasa, Zuze, maso ali pamadzi,
anandiuza kuti ndichotse dzanja m'mphepete.
Sindinafunse chifukwa.

Tsidya linalo ndinanyamula mtolo wa milamba yowamba
wa mayi Nyakamera, wotsimphina,
iye akubwera pambuyo ndi ndodo.
Nditautsitsa pakhomo pake anawomba m'manja:
"Takhuta."
Ndinasuzumira m'mphika, munali nyika zitatu basi.
Akhuta chiyani anthuwa?
Mdzukulu wake anandiseka mpaka kugwa pansi:
m'Chisena ndiko kuthokoza.
Usiku umenewo ndinagona pabwalo, pamkeka,
udzudzu ukundiimbira milandu m'khutu,
mawuwo ndikuwatembenuza pakamwa
ngati nthangala ya mlambe.

Tsiku lachinayi, chitunda cha ku Chididi.
Pamenepo njinga inabweza ngongole yake yonse:
inakwera ine.
Ndinaikankha, ndinaitukwana, ndinaipepesa,
thukuta likulemba mapu a mchere pamalaya,
mawondo akundikumbutsa zaka makumi asanu ndi limodzi
ndi mpando wa ku positi ofesi
umene ndinaufunditsa mpaka kupuma ntchito,
ndikudinda mayina a malo amene sindinawapondepo.

Pamwamba mphepo inali ina.
Ndinatsamiritsa njinga pamwala n'kutembenuka.
Chigwa chonse chinali chitayalidwa pansipo,
minda ya thonje, malata ong'anima,
Shire akupindika ngati tcheni yaguluka pagiya,
ndi utsi wa ku Mozambiki tsidya.

Mnyamata woweta mbuzi anafika mwakachetechete,
nayang'ana mphira wolendewera pa kaliyala,
nthenga ya tambala yokodwa m'masipoko,
fungo la nsomba likadali pomwepo.
"Agogo, mwagulitsa zonse?"

Ndinapukuta kumaso ndi chipewa.
Ndinati, takhuta.
Iye anangokweza mapewa, n'kuthamangira mbuzi zake.