Chizindikiro pa Thumba

Lolemba, mu labu ya chipatala cha Ntcheu.
Magetsi angobwera kumene.
Kagalasi kachisanu n'ka Tsilizani wa ku Bawi,
zaka zisanu ndi chimodzi,
ulendo wachitatu chaka chino.
Ndadontheza utoto, ndadikira kuti uume,
ndasuzumira m'makina, ndipo ako:
kamphete kakang'ono m'selo ya magazi,
kali phee ngati kanalipira lendi.

N'kaselo kamodzi basi, kopanda mutu woganizira,
koma akuti kamasunga zovala makumi asanu ndi limodzi.
Kamavala chimodzi.
Thupi likachizindikira n'kuyamba kusaka,
iko kavala kale china.
Amakasankhira ndani?

Ndinazimvetsa pa Lizulu, osati m'kalasi.
Achemwali anga a Nandau amayenda pakati pa matumba a kachewere
atalumira zingwe kukamwa.
Chofiira: ili la ku Limbe, likwere lero.
Chabuluu: ili likhale m'shedi, asalikhudze munthu.
Mbatata ndi yomweyo, munda umodzi, ndowe zimodzi,
koma onyamula safunsa zam'kati,
amangoona chingwe.

Namonso m'kachirombo muli a Nandau ake,
maenzaimu osapita kutchuthi.
Ulusi wa chibadwa unakulungidwa pa timapuloteni,
iwo amayenda n'kumamata zizindikiro pamenepo:
apa mangani zolimba, pasawerengedwe;
apa masulani, mawuwa amveke.
Ena amatsata m'mbuyo n'kumafufuta.
Sasintha ndi chilembo chimodzi chomwe,
amangonena choti chitsekulidwe lero.
Mwanayo n'kuyambanso kunjenjemera
masana dzuwa likuswa mtengo.

Chaka china zingwe zinatha, analemba ndi choko.
Mvula ya m'Febuluwale inakolopa zonse.
Mbewu inapita ku Limbe kukakazingidwa tchipisi,
zoyamba kuwola zinatsala m'shedi.
Achemwali anakhala pa sikelo n'kulira,
ngongole anaibweza mpaka Juni.

Mvula imeneyo ndimaifunira kachirombo aka.
Wina, kwina kwake, pa benchi yoposa yangayi,
apeze chogwira dzanja la omata zizindikiro,
zovala zonse zikhuthukire pabwalo nthawi imodzi
thupi liziwerenge, lizisunge pamtima.

Pakadali pano cholembera changa chikukana.
Ndachipukusa, ndalemba kuti alipo.
Kunja amake amufunditsa zitenje ziwiri,
akuyang'ana chitseko changa.
Ndaitana dzina.
M'thireyi mwatsala magalasi makumi atatu.