Funso Nambala 14

Anandipatsa tabuleti, chipewa, ndi mafunso makumi anayi.
Akuti omwewa akufunsidwa m'maiko khumi ndi awiri
kuti aone kumene lamulo la mowa laluma
ndi kumene langouwa.

Ndinatsika minibasi pa Namwera, fumbi lili m'mano,
ndipo wakabaza ananditula pafupi ndi Chiponde.

Funso nambala 14:
Pa masiku makumi atatu apitawa,
mwamwa miyeso ingati?
Pachithunzi pali tambula ya vinyo ya mwendo umodzi,
botolo lotuluka thukuta la mufiriji,
ndi kakapu konyezimira ka m'hotela.

Che Ajasi, omata matayala,
anachiyang'ana chithunzicho mpaka guluu anauma pachubu.
"Mwanangu, ife timayezera m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa.
Wa kashi amafika pa chala ichi.
Wa ngongole amalekera apa."
Tabuleti ilibe bokosi la chala.
Ndinalemba 3.

Funso lotsatira: malo omwera amatseka nthawi yanji?
Abiti Sumani anaseka, akusonkhezera moto kunsi kwa mgolo,
mpope ukudontha kachasu m'chigubu, tho, tho.
"Lamulo limatseka chitseko.
Inuyo mukuona chitseko pansi pa mtengo wa mango uno?
Akakweza msonkho kumabala a pa boma
kwa ine mabenchi amachepa.
Mwana wanga ali folomu 3 chifukwa cha dontho limeneli."

Masacheti analetsedwa? Inde, ndachonga.
Ndi zoona, sakuonekanso m'ngalande za pamsika,
mbuzi zinasiya kuwatafuna.
Koma ndikuchonga choncho, mnyamata wanjinga wadutsa,
wachokera tsidya la Mandimba podzera njira ya m'chinangwa,
pansi pa thumba la makala pakulira timabotolo
tokwana bwino m'thumba la yunifolomu.
Maiko awiri, mmero umodzi.
Chiwindi chake tichiwerengere mbali iti ya malire?

Lachisanu, nyumba khumi ndi zisanu ndi zinayi zinati, "Kuno sitimwa."
Zambiri zinanena zoona, ndinaona m'maso mwawo.
Koma bambo wina ananditsata mpaka pa mjigo,
akunamizira kufunsa nthawi.
"Zimenezi zikafika kwa ndani?"
Ndinati dzina silipita, imapita nambala yokha.
Anayang'ana kumbuyo.
"Ndiye fufutani. Lembani tsiku lililonse."

Usiku ku resitihausi ndakwezera tabuleti pazenera
kusaka netiweki ngati wopempha mvula.
M'pamene amabwera achimwene anga a Lifiyasi,
maso achikasu ngati nthochi yakupsa,
mimba ili ndenden'de, miyendo ngati bango,
amene tinawaika chaka chatha kwa Mponda.
Iwo sali m'gulu la osankhidwa.
Kafukufuku amagogoda pa makomo a amoyo okha,
ndipo chiwerengero cha omwa chatsika ndi mmodzi.

Tsiku lina, m'holo yozizira ya dziko lina,
Malawi adzakhala kadontho pakhoma
pakati pa maiko amene sindidzawapondako.
Wina adzaloza ndi kandodo: apa msonkho unathandiza,
apa maola, apa sitikudziwa bwino.
Sindikuwanyoza.
Wosayeza amagula nsalu yosakwana maliro.
Mzere umenewo ndikufuna utsike,
ndikufunitsitsa, kuposa iwo oomba m'manja.

Kungoti Abiti Sumani anandiperekeza mpaka pamsewu
nanditsina pamkono:
"Mukalipeza yankholo mudzatiuze.
Koma pobwera musadzabwere ndi apolisi okha,
mudzatengenso geni ina yoti ndigwire."
Palibe funso limene mawuwa akanalowapo.
Ndawalemba kuseri kwa lisiti la petulo.

Tabuleti yalira: zatumizidwa.
Atatu a Che Ajasi aja awoloka nyanja zamchere tsopano,
avala jekete, akhala pamzere ndi anzawo a maiko ena,
ndipo palibe adzadziwe
kuti chinali chala chakuda ndi guluu
chitagwira kabotolo ka mankhwala a chifuwa.