Kumanzere

Jekete yobwereka ikundiluma m'khwapa.
Mafoloko anayi andizinga ngati apolisi.
Nkhondo yeniyeni ili m'chikhodzodzo:
kuno sutuluka
tambula yaulemu isanakwezedwe.

Botolo la vinyo limayenda chakumanzere,
dzanja ndi dzanja, osadumpha munthu.
Ine ndalikankhira kumanja.
Tebulo lonse zii.
Atsamunda andiponyera diso,
ngakhale lipenga pakhonde latsamwa.

Woperekera zakudya, waimvi, magolovesi oyera mbee,
wawerama ngati akutola nyenyeswa,
wawerenga kakhadi ka dzina langa
nanong'ona, osati m'Chishona:

"Kumanzere, a Lefitenanti Kamwendo.
Foloko muziyambira yakunja.
Ndine Chimphonda.
Zaka makumi anayi m'Harare muno,
ndinabwera pasitima musanabadwe."

Wabweza botolo panjira yake.
"Kodi ku Linthipe mvula yayamba?"