Kabuku ka Msungichuma

Anandisankha usungichuma chifukwa sindimwa
komanso ndinali ndi kabuku kotsala.
Tsamba loyamba ndi masamu a Tikambenji, giredi faifi.
Lachiwiri ndife,
makolo khumi ndi anayi a ana a sikoselo
titapanikizana pa madesiki ku Mchini
kukanganirana tsiku.

A Shawa akuti Loweruka la malipiro.
Amayi Daka akuti ayi, kwa a Miti kuli ukwati,
ndalama zonse zikathera kofupa.
Tinagwirizana za Juni poti kulibe mvula.
Koma Juni ndi chisanu,
ndipo chisanu ndicho chimadzutsa moto m'mafupa a ana athu.
Palibe anatchula. Tonse tinayang'ana pa bolodi.

Makalata makumi atatu ndinayenda nawo wapansi.
Wa golosale anapereka shuga mapaketi awiri.
Ku hadiweya anati bwana ali ku Lusaka,
ine ndikumuona bwanayo pawindo, akusenda nthochi.
Anyamata a njinga pa Kapata anati,
amayi, ulendo wachisanu uliwonse ndi wanu.
Ndinalemba ndi pensulo
kuti ndisadzavutike kufufuta.

Lachisanu usiku mitanda ya mandasi ikufufuma,
Tika anayamba kuluma chitenje.
Amama, mwendo. Amama, msana.
Maso achikasu aja ndimawadziwa ngakhale mumdima.
Kunacha tili mu wodi ya ana,
diripi ikudontha ngati mpopi wa kwathu,
ine kabuku kali m'khwapa, sindikudziwa kuti ndinakatenga liti.
Pitani, anatero.
A Shawa satha kuwonkhetsa.

Ndinapita. Musandifunse mtima unali kuti.

Naini koloko magetsi anathima,
sipika ya hayala inangokhala ngati mbiya.
Zelipa wa kwaya anavula nsapato, nakwera pa tebulo,
mawu ake anakagunda Kanjala n'kubwerera.
Tambala wa a Njobvu anagulidwa katatu,
aliyense wogula akumubweza kuti agulitsidwenso,
mwini wake ali phee m'dengu, wosadziwa kuti wakwera mtengo.

Mayi wina wa tomato anandikoka pambali:
kodi zoona si zam'banja izi, si zolodzana?
Lilime langa linauma.
Amayi Daka anatola nshawa ziwiri pa lichero,
ina yobulungira, ina yopindika ngati chikwakwa.
Iyi imadutsa mumtsempha. Iyi imakola.
Basi, palibe mfiti.
Mayiyo anamasula mfundo ya chitenje pang'onopang'ono.
Wanga wachiwiri amatupa zala, anatero,
kiliniki yake ndi tsiku liti?
Zimenezo ndinasowa mzere wozilembapo.

Dzuwa litapendeka ndinaleka kuyang'ana kumsewu.
Kenaka mabelu.
Njinga khumi ndi zisanu ndi ziwiri, fumbi mpaka m'nsidze,
jumbo ya makobili yomanga ndi mphira wa chubu.
Ndinatenga bolopeni
n'kupondereza pomwe panali pensulo.

Tinawerenga ndi tochi ya foni:
K6,482,
pepala limodzi la ku Malawi lolowera pa Mwami,
ndi batani la jekete.
Ndi thiransipoti ya ana a ku Chadiza miyezi ingapo,
mabulangete, mapilitsi a magazi.
Si zonse. Matendawa alibe Loweruka lomaliza.

Usiku mu wodi anali maso, milomo yosweka.
Sanafunse za tambala, sanafunse za Zelipa.
Anatambasula dzanja lopanda singano,
nayendetsa chala mzere ndi mzere
mpaka pansi.

Amama, pa mandasi mwaphonya.
Yasowa teni kwacha.

Ndinafufuza m'thumba la juzi.
Inalimo, yopindapinda, ikununkha mafuta.